Mfutso wa mu Hot Press

Vera ankayanika nkhwani wofutsa pansalu, kuseri kwa nyumba yawo ku Drumcondra, mumzinda wa Dublin, maso ali kumwamba. Dzuwa linali litawala bwino lomwe.

Masambawo anali onse amene kadimba kawo kanapatsa chaka chimenecho. Mwana wawo Luso anali woyembekezera, ndipo mtima wake unkangofuna mfutso wotendera. Ku msika wa ku Moore Street anaufunafuna, osaupeza.

"Make hay while the sun shines," anatero Useni, mwamuna wa Vera. Kale ankaphunzitsa Chingerezi ku Kasungu, ndipo miyambi ya Azungu anali nayo yodzaza thumba. "Akuti umika udzu dzuwa likadalipo."

"Anena zoona, aphunzitsi. Ine ndapita ku shift. Inu ntchito yanu ndi imodzi: kulondera mitambo."

Useni analondera mpaka masana. Kenako Wilbroad, mnzake wa ku Chipata wokhala nyumba yoyandikana, anasuzumira pampanda.

"Ba Useni, mpira wayamba. Kodi masamba ali ndi miyendo?"

Useni anayang'ana kumwamba. Kwawo, dzuwa lotere likalonjeza silinama.

"A watched pot never boils," anatero. "Mphika woupenyetsetsa suwira." Ndipo anapita.

Mvula ya ku Dublin siodira. Pamene awiriwo ankatuluka pa half time, masamba onse anali atanyoweratu.

"Wa pamenepa mwambi muli nawo?" anafunsa Wilbroad.

"Ulipo wa mkaka wotayika, koma mayi a Luso sangaulandire. Gwirani uko!"

Kuwasiya choncho akanaola, mu uvuni akanapserera. Useni anakumbukira hot press, kabati yofunda ya thanki ya madzi otentha, mmene ankasungamo malaya ake. Anafinya masambawo, nawayala m'mashelefu, malaya ali momwemo.

Vera atabwera anapeza nsalu yonyowa ili pachingwe.

"Bambo a Luso, ndiwo za mwana wanga zili kuti?"

Useni anatsekula kabati mwaulemu ngati akulandira alendo. Fungo la kumudzi linadzaza nyumba. Vera anatola tsamba limodzi, nalifikisa. Linali litayamba kale kuuma.

"Every cloud has a silver lining," anayamba Useni.

"Zigoli zinali zingati?"

Vera anayesa kukwiya, koma chinamutulukira ndi chiseko.

Loweruka Luso anadya mbale ziwiri. "Dad, this is perfect," anatero akunyambita chala.

Mawa lake kutchalitchi, amayi a benchi lakumbuyo anayamba kununkhiza malaya a Useni. Mmodzi anagwira Useni paphewa.

"Achimwene, pepani. Mfutsowu mwaupeza kuti?"

"Mvula ikakuona litsiro sikata," Vera anamunong'oneza. "Ayankheni m'Chizungu."

Atafika kunyumba, Useni anachotsa malaya ake onse mu hot press, nakawapezera malo ena. Kenako anatenga fosholo kukakuza dimba.