Yambani Inu, Asisitala

Watipaso ndi munthu woti ukamuuza kuti mwera wayamba, amayamba wakankhira bwato m'madzi kuti akaone yekha. Ife a ku Bandawe timamudziwa, ndipo makani akewo timaseka nawo, bola asakugwere iwe. Koma makani amene anabwera nawo kuchipatala pa Chintheche tsiku lija sanali oseketsa. Ine ndinali pabenchi pomwepo, nditaperekeza mlamu wanga.

Mkazi wake Ethel anali atabereka mwana wamwamuna masiku asanakwane, kanthu kokwana m'manja. Atakhala naye kuchipatala chachikulu, mwanayo akupumira m'makina, anawabweza kufupi ndi kwawo kuti azimufungatira pachifuwa mpaka anenepe. Tsikulo kunabwera galimoto ya anthu a maso, imene imadutsa mwa apo ndi apo ndi kamera yojambula mkati mwa diso. Anatifotokozera kuti mwa ana obadwa msanga, mitsempha ya magazi ya kuseri kwa diso imatha kukula molakwika, ndipo ikachedwa kuonedwa mwana amachita khungu, kunjaku maso akuoneka abwinobwino.

Amayi ena anapereka ana awo. Ethel atati adzuke, mwamuna wake anaima pakhomo.

"Cha! Mwana wangu m'maso simumugwira."

Wojambulayo anali nesi wa ku Dedza, dzina lake Comfort, mayi wamfupi wolankhula mosathamanga. "Bambo, tingodontheza mankhwala, kenako kuunika n'kujambula. Basi."

"Kwa Lucy anateronso, ama. Akuti katochi chabe."

Tonse tinawerama. Lucy ndi mwana wawo woyamba, nayenso anabadwa msanga. Dokotala wina anamuunika m'maso n'kuwauza kuti abwerenso, koma Watipaso ataona mmene khandalo linalirira, anakaniza. Lucy asanayambe kukwawa, m'maso munatuluka choyera. Lero ndi mtsikana ndithu, amakhala pakhonde n'kumasenda chinangwa ndi zala zodziwa ntchito kuposa zathu, koma nyanja amangoimva phokoso. Bambo ake mlandu wonse anaupereka kwa tochi ija, ndipo palibe ankawatsutsa. Ungamutsutse bwanji munthu amene mwana wake saona?

Ethel ankangogwetsa misozi. Panja dalaivala anali atayamba kale kuliza hutala, ndipo tonse tinkadziwa kuti kamerayo ikapita, pobweranso mwana adzakhala atachedwa.

Apa Watipaso anapinda manja pachifuwa. "Kwathu kuno wopereka thobwa amayamba walawa, kuchotsa ufiti. Ngati mankhwala anuwo ngabwino, yambani inu, asisitala. Diso lanu."

Ankayesa wawina, mwamuna wa Ethel. Mankhwalawo amachititsa nkhungu m'maso mpaka dzuwa kupendeka, ndiye nesi angajambule bwanji asakuona? Comfort anamuyang'ana kanthawi, kenako anatsegula kabotolo, n'kudzidontheza diso lakumanzere lokha.

"A Peterson," anaitana adokotala a pamalopo, "kamera mugwira ndinu."

Tinadikira. Watipaso anachita kunjuta patsogolo pake, kuyang'anitsitsa kamwana ka diso kakukula mpaka diso lonse kuda bii. Kenako mayi uja anagona pabenchi ndi yunifolomu yake yoyera, nsapato zafumbi zili m'mwamba, ife tikuonerera. Ine manyazi anandigwira m'malo mwake. A Peterson anajambula, chithunzi chinatuluka chopendekera, komabe pakompyuta panaoneka chinthu chozungulira chofiirira, mitsempha itayala bwinobwino ngati mizu ya chinangwa mpaka m'mphepete.

Comfort atadzuka, Watipaso anamugwedezera dzanja kumaso. "Mukuona?"

"Ndi ili ndikuona nkhungu, madzulo lichira. Ndi linali ndikuona bambo amene akundichedwetsa."

Amayi anaseka chikhakhali, ndipo Watipaso anachoka pakhomo paja akukanda m'mutu.

Kujambula khanda si chinthu chokoma kuonerera, ndisaname. Comfort anamata diso lake lodonthezedwalo ndi pulasitala, n'kuwerama ndi limodzi lotsalalo. Mwana analira kamawu kake kakang'ono, bambo ake n'kudumpha kuti amulande, koma Ethel anawagwira malaya kumbuyo osawataya. Sindinkadziwa kuti mayi wofatsa uja ali ndi mphamvu zotero.

Comfort anaika zithunzi ziwirizo pamodzi, chake ndi cha mwana. Panalibe chofotokoza. Mitsempha ya mwanayo inali yotupa, yopotanapotana, ndipo inathera panjira, pamzere woyera, kutsogolo kwake kulibe kanthu.

"Ikasiyidwa imakoka kansalu ka mkati mwa diso mpaka kukamatula," anatero. "Koma tampeza nthawi idakalipo. Akafike kuchipatala chachikulu sabata yomwe ino, madokotala a maso akamuthandiza. M'galimoto mwathu malo alimo."

Watipaso anasendeza chala pagalasi la kompyuta, kutsata mtsempha umodzi mpaka pamene unathera. Mawu ake atatuluka anali otsika moti tinachita kutchera khutu.

"Ya Lucy inali chonchi?"

Mumtima ndinkati mayi iwe nama, munthuyu wavutika mokwanira. Koma Comfort sananame.

"Sindinamuone, bambo. Koma amene anakuuzani kuti mubwerenso aja, mwina anaona zoterezi."

Ndinamumvera chisoni Watipaso kuposa tsiku limene bwato lake linamira ndi ukonde womwe. Zaka zonsezi anali ndi chinthu choti azichikwiyira, ndipo tsopano anali atachilandidwa.

Anavula malaya pamaso pathu, mwamuna wamkulu, n'kunyamula mwana kumuika pachifuwa. Ethel anamasula chitenje chake chapamwamba, n'kuyamba kuwamanga pamodzi, bambo ndi mwana. Akuzunguliza nsaluyo kumbuyo, Watipaso anayankhula osatembenuka.

"Anyina Lucy, paja munkati tipitenso."

"Ndinkatero, ada," anatero Ethel, n'kukoka mfundoyo mpaka inalimba.