Makeke Opanda Dzira

Makeke a ulendo wachiwiri anatuluka ataphwatalala ngati zitumbuwa zopondedwa. Mayi Liness anawayang'ana, kenako anakhala pansi pakhonde, msana ukuwawa. Oyamba aja anali atapserera. Uvuni analibe. Ankaphikira mumphika waukulu wothiramo mchenga, makala pansi ndi pachivundikiro, ndipo chiyambire m'mawa utsi unali utawafiiritsa maso.

Zonsezi ankavutikira mwana wawo Tiyese. Chikwatiwireni ndi Bartholomew wa mpingo wa Sabata, Tiyese anasiya nyama, mazira ndi mkaka. Kwa zaka zitatu ankabwera kuno ku Mwanza pa Chaka Chatsopano atanyamula chakudya chakechake m'kontena, n'kumadyera pambali ngati mlendo wodikira basi. Mayi ake zinkawapweteka, kungoti sankanena. Chaka chino analumbira kuti zivute zitani, mwanayo adya chochokera m'manja mwawo.

Kaphikidwe kake anawawerengera pafoni ndi Elsie, namwino woyandikana nawo nyumba: nthochi zakupsa m'malo mwa mazira, mafuta ophikira m'malo mwa majarini, mkaka wa soya, koko, ndi khofi wowawa theka la kapu. Elsie anati khofiyo ndiye amachititsa kuti chokoleti chimveke bwino.

"Keke yopanda dzira ndi ukwati wopanda ankhoswe," anatero amuna awo, bambo Zakeyu, akutola imodzi mwa makeke ophwatalala aja. "Koma musafooke, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mayi Liness anawayankha kuti miyambi siikupiza moto. Anakhuthula ufa wotsala wonse, n'kuchepetsako makala a pamwamba. Ulendo uno makeke anafufuma bwinobwino m'timakapu tachitsulo timene ankaphikiramo, akuda bii.

Alendo anafika masana. Anthu atayamba kudya mpunga ndi nkhuku, Tiyese anatsegula kontena yake monga mwa nthawi zonse. Mayi ake anamuikira mbale ya makeke patsogolo, n'kumutchulira zomwe munalibe: dzira, mkaka, majarini. Tiyese anawayang'ana kwa kanthawi, maso ake atadzaza misozi. Anatseka kontena ija n'kutola keke imodzi.

Nthawi yomweyo bambo Zakeyu, amene ankakonda kumuseleula mpongozi wawo Bartholomew, anamufunsa ngati angamwe khofi amene anatsala pophika.

"Pepani bambo, kwathu khofi sitilawa n'komwe," anatero Bartholomew akuseka. Iye ankayesa kuti ndi nthabwala chabe.

Mayi Liness lamulo limeneli ankalidziwa, koma sabata yonse mutu wawo unali pa nkhuku ndi ng'ombe basi. Khofi si nyama, ndiye sanamuganizireko. Fungo lake linali litabisika mu koko, ndipo Tiyese akanatha kudya zitatu osadziwa kanthu. Keke inali itafika kale pakamwa.

"Usadye, mwanawe. Muli khofi."

Tiyese anaibweza m'mbale pang'onopang'ono. Mayi Liness anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene anakakhala pamtondo wogwetsedwa. Anali atatopa moti ngakhale kulira kunawakanika.

Posakhalitsa Tiyese anawatsatira. Anafunsa ngati ufa unatsalako kuti aphike ena onse awiri, koma mayi ake anangopukusa mutu. Anafunsa za koko, nayenso anali atatha. Tiyese anapita pamtengo wa m'mbali mwa mpanda n'kubwera ndi mango atatu ndi mpeni.

"Mukanangokhala chete, bwenzi nditadya," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndisendereni, amayi. Kapena awanso mwawathira khofi?"

Mayi Liness sanaseke, koma mpeni analandira. Anayamba kusenda, madzi a mango akuyenderera m'zala zawo zakuda ndi makala. Ankadula kachidutswa n'kupereka, Tiyese n'kumalandira atanjuta pansi, osadandaula za makalawo. Loyamba litatha, mayi ake anatola lachiwiri asanapemphedwe.