Methodi ya Ines

"Palibe wina angaigwire kompyutayi," anatero a Sefu, mkulu wa ofesi, akukankhira mpando kwa Benedicta. "Mchimwene wanu anaphunzitsa inu nokha."

Panali patapita masiku anayi chiikireni mchimwene wakeyo, Antonio, m'manda. Mu ofesi yolembetsa othawa nkhondo pa boma la Mangochi munkamvekabe fungo la fodya wake. Alima, mkazi wa malemuyo, anabwera kudzatenga jekete ya mwamuna wake, ndipo anakhala pabenchi ataikumbatira.

Pulogalamu yonse anailemba ndi Antonio. Pakati pake panali kalasi yotchedwa Munthu, chikombole chomwe aliyense wochokera ku Mozambiki ankalembedwamo: dzina, mudzi, msasa. Pansi pake panali mamethodi, ntchito zomwe kompyuta imachita pa munthuyo: kulembetsa, kusamutsa, kupereka khadi la chakudya.

"Muwonjezerepo methodi yochotsa omwalira," anatero a Sefu. "Iye ankangozengereza."

"Ndiye woyamba kuchotsedwa akhala iyeyo?"

A Sefu anayang'ana kukhomo, natuluka.

Benedicta anatsika mizere ya pulogalamuyo pang'onopang'ono, kufuna malo olembapo. Kumapeto kwa kalasiyo anapeza methodi yomwe sanaionepo, Funafuna. Inawonjezedwa mu 1989. Kompyuta ikangoyatsidwa m'mawa, methodiyo inkadutsa mayina onse atsopano, limodzilimodzi, kuwayerekeza ndi dzina limodzi lokha.

"Mwaona chiyani, alamu?" anafunsa Alima.

"Palibe."

"Ine sindidziwa kuwerenga makina, koma nkhope ndimawerenga."

Benedicta anatembenukira kwa iye. "Kompyutayi imafunafuna Ines. Tsiku lililonse."

Ines anali mkazi woyamba wa Antonio. Anasiyana pa mtsinje tsiku lomwe mudzi wawo unawotchedwa ku Mozambiki, wina tsidya lino, wina tsidya lija.

"Anandiuza kuti anamwalira," anatero Alima.

"Tonse tinkatero. Koma mtembo palibe anauona."

Panja munthu wina ankaitana mayina a anthu a pamzere. Alima anamvetsera mpaka mawuwo atatha.

"Ndiichotsa," anatero Benedicta. "Ndi mizere isanu ndi umodzi yokha."

Alima anaimirira, nayandikira. Anayang'anitsitsa zilembo zobiriwirazo nthawi yaitali.

"Dzina lake ndi liti apa?"

Benedicta analoza. Alima anaika chala pagalasi, pomwepo.

"Isiyeni izifunabe," anatero motsitsa mawu. "Akadzapezeka, mudzandiitane. Za maliro a mwamuna wake asadzamve kwa alendo."