Ndiwo za Mabel Zopanda Mchere

Nsapato zitasiya kumulowa Leston, nkhope nayo ikumadzuka yotupa m'mawa, mkazi wake Mabel anamukakamiza kupita kuchipatala. Leston anali dalaivala wa minibasi ku Kawale. Masana ankadya kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya, mchere wake wowaza ndi dzanja lodzadza.

Atamuyeza, namwino wina dzina lake Betty anawakhazika pansi onse awiri.

"Bambo, impso zanu zafooka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Sizingabwerere mwakale, koma mphamvu yatsalayi tikhoza kuiteteza. Mchere umasunga madzi m'thupi, n'chifukwa chake mukutupa. Mayi, m'ndiwo musamathire mchere, therere likhale lopanda soda. Nsomba zamchere asiye, nyama azidya pang'ono. Mankhwala asamadumphitse."

Mabel anamvera. Ndiwo ankazikometsera ndi anyezi, adyo ndi mandimu, ndipo iye ndi mwana wawo Tina ankadya zomwezo kuti wodwalayo asasirire. Leston ankadya akung'ung'udza, komabe kutupa kunaphwa, mpaka anabwerera pamsewu.

Kenako kunabwera Lonely, mlongo wake wamkulu wa Leston, kuchokera ku Ntcheu. Atalawa nyemba, anakankha mbale.

"Alamu, mchere watha m'nyumba muno?"

Mabel anafotokoza zonse zomwe namwino ananena. Lonely anaseka chiseko chonyoza.

"Anamize ana zimenezo. Ife tikudziwa kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina amaopa kuthira mchere m'ndiwo. Achimwene anatupa miyendo, si choncho? Limeneli ndi tsempho, alamu. Munawatsempha, ndiye pano mwagwidwa mantha."

Mabel anatembenukira kwa mwamuna wake. Leston analipo tsiku lija, mawu a namwino anawamva ndi makutu ake. Koma anangoyang'ana pansi. Lonely atakatapa mchere kukhitchini, Leston anatambasula dzanja n'kuwaza m'mbale mwake.

"Bambo a Tina, zoona simundiyankhira?"

"Ndatopa kudya ngati wandende," anatero Leston, osadzutsa mutu.

Mabel anauzidwa kuti akakhale kaye kwa mng'ono wake ku Area 23 mpaka ankhoswe adzakambe nkhaniyo. Ankhoswewo sanabwere. Lonely anatenga khitchini. Ankaphika therere la soda ndi nsomba zamchere, n'kumamwetsa mchimwene wake mizu yoti ichotse tsempho. Mapiritsi a kuchipatala anawataya.

Dzinja lisanathe, Mabel anaitanidwa kuchipatala. Anapeza Leston atatupa thupi lonse, akupuma mobanika. Betty anamutengera pambali.

"Mayi, munkachita bwino, chinachitika n'chiyani? Impso zasiya kugwira ntchito. Makina osefa magazi ndi ochepa, odikira ndi ambiri."

Mabel anabwerera pabedi, n'kuyamba kupukuta mwamuna wake thukuta ndi chitenje.

"Mayi a Tina," ananong'ona Leston, "ine ndinkadziwa kuti simunalakwe."

"Munkadziwa, koma munakhala chete. Bwanji osawauza achemwali anu?"

Lonely anali atapita kukagula nthochi panja. Pomwe ankabwerera, Leston sankathanso kuyankhula. Anamwalira sabata yomweyo.

Pamaliro, amayi akumudzi anamutalikira Mabel, akunong'onezana. Iye analira atafungatira Tina, popanda womugwira paphewa. Mpaka lero, kwawo kwa Leston amati Mabel ndiye anapha mwamuna wake.

Phunziro: Kutupa miyendo ndi nkhope kukhoza kukhala chizindikiro cha matenda a impso, choncho tizithamangira kuchipatala. Wodwala impso achepetse mchere, apewe soda ndi mankhwala osadziwika, ndipo asasiye mankhwala a dokotala. Achibale tisamanyoze wosamalira wodwala. Nayenso wodwala aziikira kumbuyo womusamalira akadali ndi mpweya woyankhulira.