Mkango Wamantha pa Chingwe

A Eusebio, anansi anga kuno ku Iztapalapa, ndiwo ankalankhulira Chilo, mkango wamantha uja wa m'makatuni a pa TV. Mawu awo amadziwika Mexico yense, koma nkhope yawo ngakhale wogulitsa buledi amaiiwala. Amadya okha, wailesi ikungolongolola. Amandimvetsa chisoni, ngakhale kuti anaziyamba okha: anathawa banja mwana wawo Griselda ali ndi zaka zisanu, ndipo kubwerera kukapepesa kunawakanika. Mantha enieni amenewo, osati a sewero.

Mwezi watha Griselda anatumiza uthenga kuti mwana wake Nayeli akukwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, abwere ngati akufuna. Mdzukuluyo anali asanamuonepo. Anandikakamiza kuwaperekeza.

"Achimwene, mukunjenjemera chiyani?" ndinawaseka m'basi. "Ndi mdzukulu uyu, si apolisi."

"Lero ndimuuza ndekha kuti ndine agogo ake," anatero. "Undionera."

Pabwalo pa nyumba ya Griselda anali atapachika pinyata pachingwe, chidole cha mapepala chodzaza maswiti choti ana amenye mpaka chiphulike. Chidolecho chinali Chilo, poti Nayeli amamukonda kwambiri. Anamumanga mwanayo nsalu kumaso, n'kumupatsa ndodo. Atangoti pha! khutu la mkango linagwa.

A Eusebio, ali chiimire kukhoma, mawu a Chilo anangowapulumuka: "Mayo ine! Pepanitu bwana, ndalakwa, sindidzachitanso!"

Nayeli anataya ndodo n'kuvula nsalu ija.

"Amayi, Chilo walankhula! Mutsitseni, akumva kuwawa!"

Atamutsitsira, anamukumbatira, kenako anatembenukira kwa mlendo wa kukhoma uja. "Abambo inu, mwamumva nanunso?"

Ndinawatsina pamkono kuti mpata ndi umenewu.

"Ndamumva, mwanawe," anatero. Basi, zinathera pomwepo. Mwana analowa m'nyumba ndi mkango wake. Ndinapsa mtima, koma misozi inandilengeza.

Griselda anabwera ndi keke yokulunga m'pepala, yoti tikadyere kwathu.

"Mawu amenewo ndinakula nawo, bambo," anatero motsitsa. "Tsiku ndi tsiku mkango wanuwo unkapepesa mbuzi, akamba, ngakhale mitengo. Ine ndinkakhala pafupi ndi TV, kudikira kuti mwina lero ndi ine."

A Eusebio anatsegula pakamwa. Griselda anadikira, inenso ndinadikira. Munthu amene wanena "pepani" zaka makumi atatu kuti adye, mawuwo sanatuluke.

Tinakwera basi yobwerera, keke ili pamiyendo pawo.