Makina a Mkamwini

Gervasio anali munthu wosamva za anthu, ndipo ku Thambani aliyense ankadziwa zimenezo. Anabadwira mumsasa wa othawa nkhondo ya ku Mozambiki, nakulira m'magalaja a pa Mwanza Boma, kenako anakwatira Esinati n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, kamtunda ndithu kuchokera pamsika. Kulima sikunkamuvuta, kutumidwa ndi apongozi sikunkamuvutanso. Chimene chinkamudya mtima ndi manachesi. Ikafika Juni mitengo inkachita kuthyoka nthambi, ogula a ku Blantyre n'kubwera kudzatchula mitengo yachipongwe, zotsala n'kumaolera pansi mpaka nkhumba kuzinyanyala.

"Tiziwafinya amenewa," anauza mkazi wake tsiku lina. "Juwisi wa m'mabotolo. Amayi a m'mudzi muno apeze ntchito pompano, asamapite kukatsuka mbale za madalaivala ku malire."

Esinati anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Inuyo ndi maloto anu! Chabwino, koma kapu yoyamba ndi yanga, ndaneneratu."

Gervasio anagulitsa njinga yake yamoto, nakagula makina akale ofinyira zipatso ku Tete. Chinali chitsulo cholemera zedi, ndipo wogulitsayo anamuchenjeza kuti chikayamba kulira chimayenda chokha ngati sichinagwidwe bwino. Ndiye Gervasio anamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya mkazi wake, nakwirira miyendo ya makinawo m'simenti yofika m'mawondo. Akamwini anzake anagwedeza mitu. Iwo ankadziwa kuti mkamwini amagula zonyamulika, wailesi, njinga, mbuzi, chifukwa mlendo ndi mame. Koma Gervasio anakulira mumsasa, kumene chilichonse chinali chonyamula, ndipo anali atatopa nazo.

Mapolo a magetsi ankathera pamsika. Ku ofesi ya magetsi anamulandira bwino, namuuza kuti thiransifoma kulibe, ndalama zakunja zavuta, abwerenso mwezi wamawa. Mwezi wamawawo unabala anzake. Ataganiza zogula jenereta, a banki anati ngongole ilipo, bola abweretse chikalata cha malo ngati chikole. Malowo anali a mbumba, ndipo mwini mbumba anali Langton, mchimwene wake wa Esinati.

"Alamu, sikuti ndikudana nanu ayi," anatero Langton. "Koma ndikasaina, zinthu n'kulakwika, banki n'kudzalanda, ana a alongo anga akalima kuti?"

Gervasio anadziwa kuti munthuyo sankanama.

Amayi amene anawalonjeza ntchito anadikira mpaka kutopa. Iness, amene anali atasoka kale epuloni yake, anakwera basi ya ku Joni. Lucia anapita ku malire kuja, kukatsuka mbale zomwe zija. Popeza Mulungu sanawapatse mwana Gervasio ndi Esinati, anthu anayamba kuwatcha makinawo mwana wa Gervasio, ati mwana waulesi, wongodya mafuta osagwira ntchito. Esinati yekha ndi amene sankaseka nawo. Nyengo ya manachesi ikafika ankasuzumira m'kanyumbamo n'kufunsa kuti, "Kapu yanga ija ili pati, bambo?"

Kenako Esinati anadwala m'dzinja, ndipo mvula isanathe anamuika m'manda.

Kusungulumwa kwa mkamwini woferedwa n'koopsa. Anthu ankamupatsa moni bwinobwino, ana ankamubweretsera chakudya, koma palibe amene ankakhala pansi kuti acheze naye. Nkhani za m'mudzi zinkadukira pakati iye akamayandikira. M'mawa uliwonse ankalowa m'kanyumba kake, kupukuta fumbi, kuthira mafuta, nthawi zina n'kumalankhula ndi chitsulocho m'Chinyungwe cha amayi ake, chimene panalibe wina wochimva m'mudzimo. Chinthu chimodzi chokha ankafuna: kuti makinawo alire, anthu alembedwe ntchito, apeze chifukwa chokhalira pafupi ndi manda a mkazi wake.

Ogasiti akupita kumapeto, Langton anabwera, navula chipewa pakhomo.

"Alamu, akuluakulu akambirana. Loweruka likudzali tikusudzulani. Mwatisungira bwino mlongo wathu, tilibe nanu chifukwa. Mukhale omasuka, mukayambe moyo wina."

"Nanga nditamalipira lendi pakanyumbaka?"

"Mphwathu Maureen akukwatiwa, malo akufunika. Kanyumbako tizisungiramo nandolo. Makina anuwo tengani, sitikuwafuna."

Langton ananena zimenezi ndi mtima woyera, koma onse awiri anayang'ana simenti ija nthawi imodzi. Kuti uiphwanye, ndiye kuti miyendo ya makinawo ithyokera momwemo. Gervasio anaithira yekha, ndipo ntchito yake sinali yachinyengo.

Sabata yomweyo, ngati chipongwe, lole ya mapolo inatulukira. Anyamata a zipewa zolimba anakumba maenje, anakoka mawaya, nakweza thiransifoma pafupi ndi tchalitchi. Mudzi wonse unali chimwemwe chokhachokha, aliyense akukamba zotchajira foni pakhomo. Mawaya a m'kanyumba ka Gervasio anali ataikidwa kalekale, ndiye iye ndi amene anayamba kulumikizidwa. Linali Lachisanu masana.

Manachesi anali atatha. Gervasio anazungulira munda wonse, napeza ochepa okwinyika kunsonga kwa mtengo wina, amene ngakhale ana anawaona kuti si oyenera kukwerera. Anawagwetsa ndi nsungwi, anawatsuka, nawasenda mosamala ngati pali woyang'anira.

Atadina batani, makina analira. Malata ananjenjemera, nkhuku zinabalalika, koma chitsulocho sichinasunthe ngakhale pang'ono, simenti inagwira. Anthu anatuluka m'nyumba n'kuima chapatali, manja m'chiuno. Palibe anayandikira, poti munthu wosudzulidwa mawa umuuza chiyani? Juwisi anatsika pang'onopang'ono, nafika theka la kapu, n'kuleka.

Gervasio ananyamula kapuyo, natembenukira kukhomo la nyumba, pakamwa patatseguka kale kuti aitane. Koma Esinati panalibe. Chisoni chimene anachimeza pamaliro chinatuluka tsopano, ndipo analira ngati mwana, makina akumubisira mawu.

Anazimitsa, naika kapuyo pasimenti, n'kuivindikira ndi mbale kuti ntchentche zisagweremo.

Loweruka mwambo unatha msanga. Anapereka kiyi kwa Langton, nakwera kabaza ndi chikwama chimodzi, mapolo atsopano akumuperekeza mpaka pamsika. Masiku ano amawotcherera malole ku malire, ndipo madalaivala akamufunsa ngati n'zoona kuti anali ndi fakitale, amavomera. Akamufunsa kuti juwisi wakeyo ankakoma bwanji, amati sakudziwa. Kapu yoyamba inali ndi mwini wake, ndipo yachiwiri sinatuluke.