Mboni ya Maliro Ake Omwe

"Ukani, a malemu, boma likukufunani!"

Mlamu wake anayamba kukuwa akadali kutali, foni ili m'mwamba, anthu a pamsika n'kumacheuka. Wosoka nsapato sanadzutse mutu. Anali ataluma ulusi, nsapato ya kasitomala ili pabondo, ndipo dzina limeneli anali atalizolowera ngati dzino lobooka. Zaka ziwiri tsopano mlamu wakeyo, mng'ono wa mkazi wake amene ankakolopa m'maofesi a m'tauni, sankamuitananso mwina.

Zinayamba chonchi. Mwana wake wachisamba, mtsikana amene aliyense ankangomuti Injiniya chifukwa cha zimene ankaphunzira, analowa yunivesite ndi ngongole ya boma. Chaka choyamba a ku ofesi ankayang'ana mmene mwana wakhozera, ndipo Injiniya anali atakhoza mosachita kufunsa. Chaka chachiwiri a ku ofesiwo anadzuka ndi mutu wina: ngongole iyambire ana amasiye, enawo adzaona ngati ndalama zatsala. Ndalama za boma kutsala? Ndiye mlamu uja anakhala pabenchi ya makasitomala ndi fomu ndi cholembera, n'kunena kuti m'banjamo mufe mmodzi.

"Achemwali anga ndiye ayi, ndi mtima wawo uja zingachitikedi. Mufe ndinu, alamu. Pepala silipweteka."

Onse anaseka tsiku limenelo, iyenso anaseka nawo. Mlamuyo analemba dzina lake lobadwa nalo, lomwe linalinso pachikwangwani cha shopu, poti ndilo linali pafupi pakamwa. La ubatizo, lomwe linali pachiphaso, sanalikumbukire n'komwe. Kutsogolo kwa dzinalo anaika liwu limodzi lokha, ndipo ngongole inatuluka sabata zitatu zisanathe. Pepalalo linapweteka ndithu. Akaperekeza mwana wake kusukulu, ankamutula sutikesi pageti n'kubwerera ngati wonyamula katundu, kuopa kuti wina angafunse kuti bambo awa ndi ndani.

"Mverani, malamulo a chaka chino atuluka," anatero mlamuyo akukhala pabenchi osapemphedwa. "Ngongole yonse ikupita kwa ana amene makolo awo onse ali moyo koma ndi osauka, ndipo bambo adzasaine okha pamaso pa kalaliki. Amasiye awachotsa. Akuti ali ndi thandizo lawo laulere, koma malo ndi ochepa, ndiponso abwere ndi wachibale wa malemu wodzalumbira kuti anaika nawo malirowo."

Wosoka nsapato analavula ulusi uja.

"Ndiye kuti ndauka?"

"Mwauka, opanda ngakhale lipenga. Mukangonena kuti kompyuta inalakwitsa. Makompyuta awo aja amalakwitsa tsiku ndi tsiku."

Kunena zoona, mkuluyu anasangalala ngati mwana. Chinali chaka chomaliza cha Injiniya, ndipo popanda ndalama zimenezo zaka zitatu zonse zikanathera m'madzi. Koma chimene chinamusangalatsa kwambiri chinali kusaina. Madzulo ake anatenga pepala la katoni n'kumayeserera siginecha yake mpaka cholembera chinatha inki.

Tsiku lopita linafika. Anavala jekete la ukwati wake, lomwe tsopano linkamuthina m'khwapa, ndi nsapato zimene anazipukuta mpaka kumaonekamo nkhope. Injiniya anamupeza pageti la ofesi ya ngongole za ophunzira atanyamula fayilo yake pachifuwa.

"Ababa, mukalankhule pang'ono. Akakufunsani chimodzi, muyankhe chimodzi."

"Iwe, ndinakuphunzitsa kulankhula ndine."

M'katimo munali mawindo atatu ndi fani imodzi yosazungulira. Windo loyamba ndi lachiwiri anali a ana a makolo amoyo, lachitatu la amasiye. Anaima pamzere wa windo loyamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Patsogolo pawo panali mtsikana wina wamagalasi ndi bambo ake, mkulu wa imvi wovala yunifolomu ya ulonda, chipewa chili m'manja. Itafika nthawi ya mtsikanayo ndi bambo ake, kalaliki anayang'ana kompyuta, anayang'ana mlondayo, kenaka anatsamira mpando n'kuitana anzake.

"Bwerani mudzaone, wina waukanso! Lero lokha awa ndi achisanu ndi chiwiri. Bambo, munafa chaka chathachi mwezi wachitatu. Kumandako kunali bwanji?"

Ofesi yonse inaseka, ngakhale ena a pamzere amene mitima yawo inali m'mwamba. Mlondayo anayamba kufotokoza za kompyuta yolakwitsa, mawu omwe aja amene wosoka nsapato anali atawasunga pakamwa. Kalaliki sanamudikire kuti amalize. Anatenga cholembera chofiira n'kudula fomu yonse kuyambira ngodya ina mpaka ina.

"Chinyengo. Dzina lafufutidwa, ndalama zonse mubweze, ndipo kalata ikupita kusukulu lero lomwe. Wotsatira!"

Mtsikana wamagalasi uja anangokhala pansi pomwepo, pasimenti, osalira n'komwe. Bambo ake anayesa kumudzutsa, iye n'kuwakankha dzanja.

Wosoka nsapato anamva zikhadabo zikumulowa pamkono. Injiniya anamukokera kunja kwa mzere, kuseri kwa chipilala.

"Chiphaso chanu chili ndi dzina liti?"

"La ubatizo."

"Pafomu pali linalo. Ndiye mvetserani. Inu si inu. Ndinu mng'ono wawo wa malemu, ndipo munaika nawo maliro."

"Mwana wanga, ndilumbire kuti..."

"Mukufuna ndikhale pasimenti ngati uyo? Munavomera nokha kufa. Ine ndinakukakamizani?"

Zinali zoona. Anakaima pamzere wa amasiye, jekete la ukwati likumudya m'khwapa.

Pawindo lachitatu panali mayi wonenepa wotafuna chingamu, amene ankalemba ndi chala chimodzi. Analandira fayilo ndi chiphaso osayang'ana nkhope za eni ake. Wosoka nsapato anawerama kuti asuzumire pawindo, ndipo chipewa chimene anavala chinagwa.

"Ababa, chipewa," anatero Injiniya.

Chingamu chinaima. Mayi uja anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Wati ndani?"

Pamenepo mtima wa mkuluyu unadumpha, ndipo theka la mtimawo linakondwa kuti basi zaululika. Koma Injiniya sanaphethire ngakhale diso.

"Bambo aang'ono, mayi. Mng'ono wawo wa bambo anga. Nanga ndiziwatchula kuti chiyani?"

Mayi uja anayang'ana chiphaso, anayang'ana kompyuta. Dzina la banja linali limodzi, loyamba losiyana. Chingamu chinayambiranso kuyenda.

"Chabwino. Inu bambo aang'ono, kwezani dzanja. Mukulumbira kuti achimwene anu anamwalira ndipo munawaona akuikidwa?"

"Inde, mayi."

"Mokweza, muno muli phokoso."

"Inde, mayi. Ndinawaona."

Akanakhala kuti anathera pomwepo, bwenzi atapilira. Koma fomu ya chaka chino inali ndi tsamba latsopano. Popeza malo anali ochepa, amasiye ankawapatsa mamakisi malinga ndi kuchuluka kwa mavuto awo. Mwana wa malemu amene anali wolimbikira ndi wosamala banja ankapeza ochepa, poti ankati munthu wotero salephera kusiya kenakake.

"Malemu ankagwira ntchito yanji?"

"Ankasoka nsapato," anayankha Injiniya.

"Anasiya chiyani?"

"Palibe."

"Ali moyo ankasamala banja?"

"Ayi. Ankangomwa."

Wosoka nsapato sanalawepo mowa chibadwire, koma limenelo silinamupweteke. Linali bodza la pafomu, ngati imfa ija. Chimene sanachiyembekezere ndi chakuti mayi uja anati aliyense akunena za mowa, ndiye mtsikanayo apereke chitsanzo chenicheni.

Injiniya anayang'ana khoma, ndipo mawu anatuluka mosavuta ngati anawakonza kalekale.

"Bambo anga ankasoka nsapato za tauni yonse, koma ine sindinavalepo nsapato yatsopano. Ndinkavala zimene makasitomala aiwala. Ndili fomu wanu anandipatsa za munthu wamwamuna, ina yaikulu ina yaing'ono, n'kuikamo nyuzipepala kutsogolo. Kusukulu ankanditi Bwato. Nditawauza anangoseka, amvekere, nsapato ndi nsapato. Tsiku lina mwini wake anandipeza pamsewu n'kundivula pamaso pa anzanga, ndinabwerera kunyumba ndi masokosi. Bambo anga anapepesa kasitomalayo. Ine sanandipepese mpaka kufa kwawo."

Zonsezo zinali zoona, mpaka nyuzipepala yomwe. Iye anali ataziiwala kalekale, ankayesa kuti mwanayo anaziiwalanso.

Mayi uja anapukusa mutu akulemba ndi chala chake chimodzi.

"Amuna ena ndi zinyalala ndithu. Kubereka amatha, kenaka n'kufa osasiya ngakhale supuni. Inu mng'ono wawo, zimene wanena mwanayu ndi zoona? Achimwene anu anali munthu wachabechabe chomwecho?"

Wosoka nsapato anacheukira mwana wake. Injiniya sankamuyang'ana, koma phazi lake linali litamuponda nsapato yopukutidwa ija.

"Ndi zoona, mayi."

"Zoona kuti chiyani? Ndikufuna mawu a mboni, ndilembe."

"Anali munthu wachabechabe."

"Basi. Sainani apa."

Anasaina. Siginecha ija anaiyeserera pakatoni inatuluka bwino kwambiri, yokhota mokongola, pansi pa mawu onena kuti anaona bokosi likutsikira m'dzenje. Chidindo chinagunda.

"Wapeza mamakisi ambiri, mwana iwe, thandizo ulandira," anatero mayi uja akutseka fayilo. "Ndaona pali mng'ono wako ali fomu folo. Mafayilo a ana a malemu mmodzi tsopano tikuwalumikiza, ndiye iyenso akadzabwera adzabwere ngati wamasiye. Komanso chaka chino tizitumiza anthu oyendera m'makomo ndi m'malo amene malemu ankagwira ntchito, osanena tsiku. Tatopa ndi anthu ouka."

Atatuluka, dzuwa linawamenya m'maso. Mlonda uja anali atakhala pamasitepe yekha, mwana wake atamusiya. Injiniya anatsegula fayilo, anaonetsetsa chidindo, kenaka anapumira m'mwamba.

"Zatheka."

"Za nsapato zija," anayamba wosoka nsapato, "sindinkadziwa kuti..."

"Zinali za mamakisi, musazitengere kumtima." Anayang'ana wotchi ya pafoni. "Mumve, chikwangwani chija muchichotse lero. Ndipo tsiku lolandira digiri mudzabwera ngati bambo aang'ono, mudzakhale kumbuyo. Kutsogolo ndi kwa makolo, kudzakhala amayi ndi anti, alamu anu aja."

Minibasi inaima, Injiniya anakwera, ndipo sanacheuke.

Mkuluyu anayenda wapansi mpaka kumsika, ngakhale ndalama ya minibasi anali nayo. Mlamu wake anali akudikira pabenchi, ndipo atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndiye mwakadziika nokha m'manda? Alamu, inu ndi ngwazi! Pepani ndi maliro a achimwene anu, tinalephera kubwera." Anapukuta misozi ya kuseka n'kunyamuka kukauza achemwali ake.

Wosoka nsapato anavula jekete, analipachika pamsomali. Anabwereka penti yakuda kwa mnzake wowotcherera zitsulo, anakwera pabenchi, n'kuyamba kupaka chikwangwani. Dzinalo analilemba yekha zaka zoposa makumi awiri zapitazo, chaka chimene Injiniya anabadwa, ndipo zilembo zake zinali zokhuthala moti anachita kubwereza katatu.

Akutsika, panafika bambo wina wachilendo wovala tayi, atanyamula nsapato zachikopa zodula m'jumbo. Anatchula dzina lija, nati anzake a kuntchito amuuza kuti m'tauni yonse palibe wosoka bwino kuposa ameneyo.

Wosoka nsapato anamuyang'ana: tayi, cholembera m'thumba la malaya, nkhope yosaidziwa. Akanatha kukhala kasitomala, akanathanso kukhala woyendera wa ku ofesi.

"Anatisiya," anatero. "Papita zaka ziwiri. Ine ndine mng'ono wawo."

"Ayi, pepani kwambiri. Ndamva kuti anali katswiri."

"Ena amatero."

"Nanga inuyo mumatha ngati iwo?"

"Pang'ono chabe."

Bambo uja anayang'ana manja odzaza penti, anayang'ana nsapato zake zodula, kenaka anamanga jumbo lake bwinobwino.

"Basi, ndikayesa kwina. Mulimbe mtima."

"Zikomo, bwana," anatero wosoka nsapato, ndipo anamulozera shopu ya mnzake kuseri kwa msika.